Bondo la Che Amidu ndi manambala anga abodza

Moni nonse abale ndi alongo amene mukuwerenga. Anthu ambiri akamapereka umboni amanena za mavuto amene anawagwera. Langa ndinalipanga ndekha, koma amene analisenza anali munthu wina. Bodza langa linatsala pang'ono kulumalitsa bambo wosalakwa, ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimagwidwa manyazi.

Zinachitika m'zaka zija anthu a ku Mozambique ankathawira kuno chifukwa cha nkhondo. Ine ndinali wothandizira pa chipatala china cha mishoni kuno ku Mangochi. Ndinkatsuka mabala ndi kuyendera odwala m'midzi pa njinga yakapalasa. Kunabwera dokotala wa mafupa, Mmalawi mnzathu wochokera ku maphunziro kunja, atanyamula kompyuta. Ambirife tinali tisanaionepo, moti tinkaizungulira ngati ndi mlendo wolemekezeka.

Dokotalayo ankafufuza momwe madzi amayendera mkati mwa mitsempha yomanga mafupa a bondo. Anatiuza kuti mtsempha uli ngati chingwe chonyowa cha ngalawa: ukachikoka chimafinya madzi, ukachileka chimamwanso. Mtsempha ukavulala, madziwo sayenda bwino ndipo bondo limatupa. Iye ankalowetsa miyeso ya bondo mu kompyuta, iyo n'kujambula timizere tosonyeza ngati madzi akubwerera m'malo mwake. Akaona timizereto ankadziwa nthawi yoti wodwala ayambe kuponda.

Mmodzi mwa odwala ake anali Che Amidu, wothawa nkhondo amene ankapeza chakudya pokoka khoka la anthu ena, ukonde waukulu uja wa nsomba, cha ku Makokola. Anapotoka bondo ataterereka pa mwala ali ndi katundu paphewa. Dokotala anawapatsa ndodo zoyendera, n'kundituma kuti m'mawa uliwonse ndizikawayeza ndi tepi kawiri: asanadzuke, kenako ataimirira kanthawi. Masiku atatu oyamba ndinapitadi. Akazi awo, Abiti Saidi, ankakhala pambali, kuyang'anitsitsa manja anga.

Nthawi imeneyo usipa unali utagwa wambiri, ndipo ine ndinali nditayamba kageni kogula ndi kuyanika. M'mawa umene ndinayenera kukhala kwa Che Amidu ndi umene ngalawa zimafika padoko. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndinkadziona wochenjera. Ndinkakhala pansi pa mtengo pafupi ndi matandala anga oyanikapo usipa, n'kutulutsa kabuku, n'kuphika manambala. Tsiku lililonse ndinkachotsako pang'ono, kuti zioneke kuti bondo likuphwa. Ndinene zoona zonse: mumtima ndinkati ndi wothawa kwawo, akadandaula kwa yani?

Kompyuta ilibe maso opita kumudzi, imadya zimene waipatsa. Patatha masabata atatu inajambula timizere tokongola, dokotala n'kusangalala. Anandiyamikira pamaso pa anzanga kuti ndine munthu wosamala ntchito. Kenako anandipatsa uthenga woti Che Amidu asiye ndodo, abwerere kunyanja. Uthengawo sindinaupititse ndekha, ndinatumiza kudzera kwa munthu wa pa msika, poopa kuonana nawo maso ndi maso.

Che Amidu anamvera, poti mawu a chipatala kwa iwo anali lamulo. Tsiku lachiwiri akukoka khoka bondo linagonja, ndipo anawabweretsa pa machira litatupa ngati dzungu. Dokotala anasokonezeka. Malinga ndi kabuku kanga mtsempha unali utapola, choncho anaganiza kuti mkati mwalowa mafinya kapena nthenda ina yoopsa. Anati Lolemba aling'amba bondolo kuti aone, ndipo anatichenjeza kuti mwina mwendowo sudzapindikanso.

Ndinali pomwepo, koma zoona ndinazibisa. Ndinaopa kuchotsedwa ntchito, ndinaopanso manyazi. Lamulungu kutchalitchi ndinalephera kuimba, ndinangogwada n'kunena kuti, Ambuye, ngakhale nditaulula, miyeso yoona ya masabata atatu ndiitenga kuti? Masiku amene ndinataya sangabwerere. Ndinapempha kuti andipatse mphamvu yolankhula, ndi kuti mwendo wa munthu uja usafere tchimo langa.

Lolemba m'mawa ndinalowa mu ofesi ya dokotala, ndipo ndinaulula zonse, za usipa ndi za pansi pa mtengo. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa mbama. Anangotseka kabuku kanga n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndilibe chilichonse m'manja. Sindikudziwa ngati bondoli linaphwapo n'kutupanso, kapena silinaphwepo n'komwe. Mankhwala ake ndi osiyana."

Tinapita limodzi ku wodi kukafunsa wodwalayo. Che Amidu anati sakudziwa, linkangopweteka. Pamenepo Abiti Saidi anaweramira pansi pa bedi n'kutulutsa bango lalitali. Pa bangopo panali patamangidwa tizingwe ta khoka, mondandalika, kalikonse kali ndi mfundo ziwiri.

"Adokotala aang'onowa atasiya kubwera, ndinaopa kuti mankhwala aduka," anatero akuloza ine. "Ndinkachita momwe ankachitira iwo, asanadzuke ndi ataimirira. Kulemba sindidziwa, nde ndinkazunguliza kachingwe pabondo n'kumanga mfundo pomwe kakumanirana. Kachingwe kamodzi, tsiku limodzi."

Mayiwo ankaganiza kuti kuzunguliza tepi pabondo ndiwo mankhwalawo. Sanadumphe ngakhale tsiku limodzi. Dokotala anatenga bangolo ndi manja awiri, tinakayala tizingweto patebulo, ine ndikuyeza kuyambira kunsonga kufika pa mfundo, iye akulowetsa mu kompyuta. Timizere tinatuluka tosiyana kotheratu ndi tanga. Bondo silinaphwepo, mtsempha unali usanalumikizane, ndipo kuponda msanga ndiko kunauonjezera bala. Anapopa madzi ndi jakisoni kuti atsimikize, ndipo munalibe mafinya. Mpeni unabwerera m'malo mwake, mwendo unaikidwa m'chikhakha.

Masana ake ndinagwada pafupi ndi bedi lawo n'kuwauza chimene ndinachita. Ndinkayembekeza kutukwanidwa, ndipo ndikanakuvomera. Che Amidu, ponditchula mwaulemu m'Chiyao, anati, "Ife timayesa mwadwala, ambuje. Munthu wabwino chonchija sangangosiya kubwera. Tsiku lililonse pa mapemphero a swala timakuchitirani duwa, kupempha Mulungu kuti muchire."

Abale anga, ine ndili kalikiliki kuyanika usipa, anthu amene ndinkawanyoza mumtima ankanditchula dzina pamaso pa Mulungu. Ndinalira ngati mwana, anamwino akuona.

Anandiimitsa ntchito mwezi wathunthu, ndipo zinali zondiyenera. Mwezi umenewo ndinkapalasa njinga kupita kwa Che Amidu m'mawa uliwonse popanda wondituma. Anachira ndipo mwendo unkapindika, koma anatsala akutsimphina pang'ono, moti khoka sanakokenso, anayamba kusoka maukonde. Kutsimphina kumeneko ndi kwanga, sindikukana. Mtendere utabwera kwawo ndinawaperekeza kukakwera galimoto, ndipo anakwera okha osagwiridwa dzanja.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero la munthu wabodza kudzera m'manja mwa mayi wosadziwa kulemba. Iwe amene wasenza chinthu chimene ukuopa kuchinena, usadikire kuti uyambe waona njira yokonzera. Ine ndinalibe njira iliyonse pamene ndinatsegula pakamwa. Lankhula, pirira manyaziwo, ndipo usaleke kupemphera. Mwina pali wina amene unamulakwira, amene mpaka lero akukupempherera poyesa kuti ukudwala. Ambuye akudalitseni nonse.