Machubu Okhwinyata pa Nazale ya Mpingo

Abusa, akulu a mpingo anzanga, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni.

Kalata yanga yoyamba yodandaula ndinalemba Lolemba loyamba la Seputembala chaka chatha. Kope lake ndi ili. Yachiwiri inatsatira patapita masabata awiri. Yankho mpaka lero kulibe.

Mukukumbuka kuti bungwe lina linatipatsa machubu ofeseramo mitengo, aja a pulasitiki yowola yokha m'nthaka, kuti tibzale nkhalango ya mpingo. Munasankha ine kuti ndiyang'anire nazale. M'katoni munali kapepala kochenjeza kuti machubuwo asayandikire moto. Kapepalako ndi aka. Ndinawerengera komiti ya nazaleyo, ndipo nditamva kuti ena akufunabe kutentha mapesi pamalopo, ndinalemba kalata yoyamba ija.

Ife a ku Nambuma tinakulira pa fodya. Bedi la nazale timayamba taunjikapo mapesi n'kuyatsa kuti tizilombo tife. Ine nditapita kumaliro kwa Kabudula, anzanga a m'komiti anayatsa mapesi pambali penipeni pa mbande, akuti akukonza malo a machubu otsala. Pobwera ndinapeza machubu akhwinyata, athina ngati chala, mizu yafinyika, mbande zafota.

Ndiye mawu anayamba kuyenda. Akuti pulasitiki siichepa yokha, pali dzanja la munthu. Akuti mkulu uja m'chikwama chake cha mapepala amasungamo zitsamba. Chikwama ichi, abale. Chomwechi. Mayi a kunyumba kwanga akafika pamjigo, anzawo ankachotsa ndowa zawo. Tsiku la Mgonero, bambo amene ndinakhala nawo benchi limodzi anasuntha. Sindiwatchula, akudzidziwa. Miyezi isanu ndinkalowa muno ngati mfiti, ine amene ndinaumba nawo njerwa za tchalitchi chino.

Ndinapemphera, ndinapemphera, ndipo Mulungu anatumiza alangizi a zaulimi. Ndinawaonetsa chubu chimodzi chatsopano chimene ndinasunga pamodzi ndi makalata.

"Akulu, tateleketsani madzi," anatero.

Madzi atatentha anaviikamo chubu chija, anthu akuona, ndipo mayina awo ndinalemba. Chinakhwinyata pomwepo.

"Kufakitale amachiumba chaching'ono, kenako amachikoka kuti chikule," anafotokoza alangiziwo. "Chikamva kutentha chimabwerera momwe chinaumbidwira. Sichiiwala."

Eti abale, chubu sichiiwala, koma amene anayatsa moto anaiwala onse kuti anagwira machesi. Palibe ndi mmodzi yemwe wabwera kwathu kudzapepesa.

Komabe Mulungu wandiyeretsa ndi mphika wa madzi otentha, ndipo ndikumuthokoza. Amene mungathe, kondwerani nane.

Tsono abusa, ndikupempha mwaulemu kuti bwalo la akulu a mpingo liyankhe makalata anga awiri aja, yankho lolemba, ndipo liwerengedwe muno Lamulungu, mayi a kunyumba kwanga alipo, bambo osuntha pa benchi aja aliponso.