Kachilombo ka m'foni

Pamzere wa kwa wokonza mafoni mumsika wa mumzinda wa Iloilo, mayi wogulitsa nsomba anali atakulunga foni yake m'majumbo awiri. Mayi wina kumbuyo kwake anamufunsa:

"Mwaikulungiranji chonchi, amayi? Yanyowa?"

"Akuti ili ndi kachilombo. Musaikhudze!"

"Ndiye mukuopa chiyani?"

"Mwana wanga wachira ku Dubai. Kakhanda kofiira ndikaimbire ndi foni yodwala? Ndapenga?"

"Iii, amayi inu! Kachilombo kameneko kamagwira foni yokha, munthu ayi."

"Musandinamize, achemwali. Sukulu sindinapite, koma sindine chitsiru."

"Zoonadi. Ndiye mdzukuluyo simunamuonebe?"

"Ngakhale kaphazi."

"Nayi yanga, muimbireni pavidiyo pompano."

"Dikirani kaye, ndikasambe m'manja. Angati agogo ake akununkha nsomba."