Dzina la a Amidu ndinapereka ndine

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ndine Agnesi, kwathu ndi ku Lungwena. Ambiri mumandidziwa kuti ndine mayi wa ku laibulale. Koma zimene ndinachita ndi manja angawa simuzidziwa.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, nthawi imene munthu unkayamba wacheuka usanayankhule. Ndinali nditamaliza digiri ku Zomba, ndikugwira ntchito mu laibulale yaing'ono pa Mangochi. Buku lililonse linali ndi khadi lake. Wobwereka ankalemba dzina pakhadipo, ine n'kulisunga m'kabokosi.

Tsiku lina kunabwera amuna awiri ovala masuti, kunja kukutentha. Moni sanapereke. Anatchula buku lina la mbiri, akuti laletsedwa, ndiwauze amene ali nalo. Abale anga, sanandimenye. Sanandiopseze n'komwe. Ndinangotsegula kabokosi n'kuwapatsa khadi. Dzina linali la a Amidu, aphunzitsi a ku Makanjira, amene ankabwera pa lole mwezi ndi mwezi kudzasintha mabuku. Sabata isanathe anawatenga ali m'kalasi. Sanaonekenso.

Patapita chaka kunapezeka mwayi wa sukulu yakunja, ya maphunziro apamwamba a za laibulale. Ankafuna ndilembe masamba awiri, ndifotokoze chifukwa chimene ndikufunira ntchito imeneyi. Masamba awiri okha. Ndinakhala pa makina otaipira. Ndinalemba kuti ndimakonda mabuku, ndimakonda kutumikira anthu. Nditafika pa mawu akuti anthu, zala zinauma. Ndinang'amba pepala. Mawa lake chimodzimodzi. Milungu itatu, chimodzimodzi.

Lachinayi lina, dzuwa lili paliwombo, ndinatuluka kukamwa madzi pa mpopi. M'kati munalibe munthu, ndipo khomo ndinkaliona. Pobwerera ndinapeza buku lili pamakina anga. Buku lomwe lija. Linali lonyowa, masamba atafufuma, mchenga wa kunyanja uli m'kati. Tsiku lobweza linali lomwe lija ndinadinda ndekha. Mlonda analumbira kuti sipanadutse munthu.

Kuyambira pamenepo chakudya chinakana kulowa. Chitseko chikalira, ndinkati abwera kudzanditenga. Munthu wa kofia akakhala pa benchi, ndinkaona a Amidu. Bukulo ndinalibisa pansi pa makatoni, koma chipinda chonse chinkamveka fungo la madzi. Kulitaya ndinkaopa. Kulisunga ndinkaopa. Ndikagwada kuti ndipemphere ndinkangoti Ambuye, mawu n'kuthera pomwepo.

Mayi anga ataona mmene ndinawondera anandifunsa, ndipo ndinawauza zonse. Sanandinyengerere. Anati Mulungu anamva kale, amene sanamve ndi mkazi wa munthuyo.

Ndinakwera boti la ku Makanjira, buku nditalikulunga m'chitenje. Abiti Saidi, akazi a aphunzitsi aja, ndinawapeza akuyanika usipa pa thandala. Ndinagwada pamchenga. Ndinati dzina la amuna anu ndinapereka ndine. Ndinamasula chitenje n'kuwaonetsa bukulo, n'kuwauza mmene linandifikira. Kenako anandiuza kuti iwo sanabweze bukulo, amuna awo anali nalo m'thumba tsiku limene anatengedwa. Analilandira, n'kuliika pachifuwa.

"Mwana wanga, kukhululuka lero sindingathe," anatero. "Koma wabwera wekha. Chaka chonse palibe amene waponda pakhomo pano, anthu akuopa. Khala pansi, udye."

Ndinadya, abale. Ndinadya misozi ikugwera m'mbale.

Nditabwerera, masamba awiri aja ndinawalemba tsiku limodzi. Ndinalemba zoona. Ndinati ndinapereka munthu amene anandikhulupirira, ndipo ndikufuna kuphunzira kuteteza owerenga, osati kungosamala mabuku. Kupositi sindikanayerekeza, makalata ankatsegulidwa. Nesi wina wa ku mishoni, amene ankabwerera kwawo, anawasokerera m'kati mwa chikwama chake. Patapita miyezi yankho linafika kuti anditenga. Pasipoti inachedwa mpaka ndinataya mtima, koma inatuluka. Ndi Mulungu yekha ameneyo!

Ndinaphunzira, ndinabwerako, ndinagwira ntchito mpaka kupuma. Pano ndimalima chinangwa ku Lungwena, Loweruka n'kumaphunzitsa amayi kuwerenga kuno kutchalitchi.

Abiti Saidi ndinkawayendera chaka ndi chaka. Ankandilandira, koma za kukhululuka sankanena. Atakalamba, atadwala kwambiri, anatuma uthenga kuti ndipite. Ndinawapeza ali pamphasa. Anandigwira dzanja n'kunena kuti tsopano zatha, ndiwathandize kusamba. Ndinawasambitsa. Mawa lake anamwalira.

Ndikuthokoza Ambuye amene sanandisiye m'bodza langa. Mundipempherere, abale ndi alongo, mupemphererenso ana a a Amidu. Amen.