Mwana Wanga Anazizira M'zovala Zisanu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse. Ine ndine mlimi wa nandolo ku Mikolongwe, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatsala pang'ono kutaya mwana ndi manja angawa, uku ndikuganiza kuti ndikumusamala.

Tamanda wathu anabadwa masiku asanakwane, wa miyezi isanu ndi iwiri. Potitulutsa m'chipatala ku Nguludi, anamwino analangiza kuti mwana azikhala pachifuwa, khungu ndi khungu. Ine ndinkangogwedeza mutu pakhomo. Kwathu bambo sagwira khanda lisanatuluke m'chikuta, ndiye ndinati izi ndi za azimayi.

Patangotha sabata, mkazi wanga anadwala malungo aakulu. Unali mwezi wa Juni, chiperoni chitabisa phiri la Chiradzulu, mvula yamawawa ikungowaza. Tinayenera kubwerera ku Nguludi tonse atatu, koma mayi wa mwana ankanjenjemera moti sakanatha kugwira ngakhale kapu. Ndiye ine katswiri ndinayamba ntchito. Ndinamuveka mwana kamalaya, kajuzi, kajuzi kena, shawelo, pamwamba bulangete lathu logonera. Anaoneka ngati mtolo wa fodya, ndipo ndinadziyamikira.

Pasiteji tinadikira minibasi nthawi yaitali. Poyamba mwana ankalira, kenako anasiya, ine ndinati wagona. Nditapisa dzanja, ndinapeza mapazi ali zii, milomo itasintha mtundu. Ndinamugwedeza, osatakataka. Abale, mantha ngati amenewo sindinawaonepo chibadwire. Pemphero langa linali lalifupi: "Ambuye, musanditengere uyu. Ndionetseni chochita."

Pambali pathu panali mayi wina wachisilamu, wogulitsa kaunjika, nayenso akudikira galimoto ndi belo lake. Anasuzumira m'bulangete, nagwira kaphazi ka mwana.

"Achimwene, vulani malaya."

"Pano, anthu akuona?"

"Eee, pompano! Kamwanaka kalibe moto wake. Zovala sizipanga moto, zimangosunga umene ulipo. Inu mwafunditsa chisanu."

Amuna a kabaza anayamba kuseka, koma ndinavula. Mayiyo anachotsa zonse zimene ndinavutikira, nasiya thewera ndi kachipewa basi. Anamugoneka mwana pachifuwa panga, natimanga pamodzi ndi chitenje chake. Kenako anamasula belo. Anandiveka sikipa yopyapyala yaikulu, pamwamba juzi yaubweya, kunja jekete yotchinga mphepo ndi mawawa, nasiya pakhosi potsegula kuti mwana azipuma. Juziyo inali yachizimayi, yapinki, yamaluwa mpaka m'manja. Bulangete lija anafunditsa mkazi wanga.

M'minibasi sindinamve chilichonse pachifuwa koma kuzizira. Ndinkangopemphera chamumtima, mano akugundana. Titayenda ndithu, ndinamva kachikhadabo kakundikanda. Kenako kamutu kanatembenuka kufunafuna bere pomwe palibe, ndipo kanalira. Inenso ndinalira mokweza, bambo wandevu, mu juzi yapinki. Mayi uja anatsikira panjira kupita kumsika. Nditati ndivule zovala zake, anandikalipira: "Mukufuna kazizirenso? Pitani nazo!" Ngakhale dzina lake sindinafunse.

Kuchipatala, mkazi wanga anamugoneka masiku asanu. Masiku onsewo Tamanda ankakhala pachifuwa panga, ndikungomupereka kwa mayi ake nthawi yoyamwa. Apongozi atabwera kudzazonda anangogwira pakamwa, koma mdzukulu anali wamoyo, ndiye za chikuta sanazitchule.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha ndisanamalize n'komwe kupempha, ndipo anayankha kudzera mwa munthu amene sindipemphera naye tchalitchi chimodzi. Inu amene mwachita zonse zimene mukudziwa koma zinthu zikungoipirabe, musataye mtima, ndipo musachite manyazi wina akakuuzani kuti mwalakwitsa. Ndikanaumirira ulemu wanga pasiteji paja, bwenzi lero ndikulambula kamanda. Tamanda ali ndi zaka zinayi tsopano, ndipo umboni uno ndaulemba kawiri chifukwa pepala loyamba wajambulapo nkhuku.