Mpando wa a Chisale pa First Street

Amene tikuwaika m'manda lero ndi bambo Obadiah Chisale. Anabadwa mu 1956 pa famu ina ku Banket, m'dziko lino la Ashona, makolo awo atachokera ku Dedza, ku Malawi. Ine Winston, mphwawo, ndine ndapatsidwa mbiriyi.

Sukulu analekezera Giredi 5. Mu 1981 anakwatira mayi Florida, ndipo anakhazikika ku lokeshoni ya Unit K.

Ntchito yawo inali kusoka nsapato pa First Street, m'tauni. Anafikapo msewuwo atautseka kale kwa magalimoto, muli mabenchi, maluwa ndi masitolo a magalasi owala. Ankati msewu wa oyenda pansi ndi munda wa wosoka nsapato. Pakona pawo anaona zonse: alaliki, ovina, ojambula zithunzi, masitolo akuluakulu akugawidwa kukhala timashopu ta mafoni. Munthu ankamudziwira ku chidendene, ndipo nsapato ikalowa m'manja mwawo inkatha chikumba, ulusi ukadali gwa.

Kuthamangitsidwa ndi apolisi a khonsolo ndiye kunali kosawerengeka. Anawalandapo zisongole, ulusi, ngakhale mpando. M'mawa mwake ankakweranso kombi, atanyamula mpando wina. Ena ankawanyoza kuti ndi munthu wopanda kwawo, abwerere ku Malawi. Iwo ankayankha m'Chishona chabwino kuposa cha wonyozayo, kuti munthu amene nsapato zake zili m'manja mwa mnzake asamatukwane.

Ku mpingo wa CCAP anali mkulu wa mpingo, ndipo poimba sankafuna maikolofoni.

Matenda a shuga anawagwira mu 2019. Chaka chatha anawadula mwendo, koma kuntchito ankapitabe ndi ndodo, mwana wawo Lisnet atawanyamulira bokosi la zida. Pamenepo ndi pamene anamuphunzitsa kusoka. Atisiya Lachiwiri lapitali.

Tsopano ndinene poyera, pakuti zandiwawa. Thupi lisanatuluke n'komwe m'chipatala, mwini shopu ina anaika kale jenereta pakona paja, ati mdala wapita, malo atsala. Ayi ndithu! Ngati muli pano bwana, mwabwera bwino, nsapato mwavalazo tikuzidziwa. Lolemba m'mawa Lisnet akakhala pamenepo ndi mpando wa bambo ake, ndipo ife tonse tikamuperekeza. Mukachotseretu jenereta yanuyo.

Asiya mkazi wawo mayi Florida, ana atatu, Lisnet, Clayton ndi Nyasha, zidzukulu zisanu, ndi ine mng'ono wawo.

Achimwene, pamalo panu sipakhala makina. Mupumule mu mtendere.