Maliro a Kuseri kwa Mpanda

Anzanga omvera, ndine gogo wa ku Hewe. Mwana wathu atatiitana kuti tizikakhala naye ku Lilongwe, ine mtima unali utakwera kale basi. Amuna anga anati, "Amayi, tiyeni tikaone kaye."

Kumeneko ngakhale nkhwani ndi wogula! Koma chinandiswa mtima n'china. Kuseri kwa mpanda kutagwa maliro, ndinamanga chitenje kuti ndikakhuze. Mpongozi wanga anandigwira dzanja: "Amama, sitiwadziwa amenewo." Kwathu munthu akamwalira, khasu silikhudza nthaka.

Amuna anga anandinong'oneza, "Tikafera kuno, adzatilira ndani?" Tinabwerera kumudzi.

Chaka chatha bambowo anatisiya. Mudzi wonse unasiya fodya m'munda kudzawaperekeza, ine sindinatunge ngakhale madzi. Yewo chomene, anthu akwathu.