Magolovesi a Kumanzere a Mayi Upile Lemani

Malemu Mayi Upile Lemani anabadwa pa 9 Malichi 1984 ku Ndirande, mumzinda wa Blantyre. M'banja mwathu tinabadwa atatu, iwo ndiwo oyamba. Ine ndaima pano ndine mlongo wawo wotsiriza, woyendetsa mathiraki.

Pulayimale anaphunzira ku Ndirande komweko. Mu 1998 bambo athu anapeza ntchito ku Botswana, natenga malemu okha. Ife tinatsala ndi amayi.

Mu 2003 analowa koleji ku Gaborone. Kumeneko anayamba sofitibo, masewero oti wina amaponya mpira, wina n'kuumenya ndi chibonga. Iwo anali oponya. Mu 2005 timu yawo inatenga chikho cha makoleji. Mu 2007 phewa linaguluka. Kuponya kunathera pomwepo, ndiye anayamba kuphunzitsa atsikana.

Anakwatiwa ndi Bambo Lemani mu 2009. Bambowo anatisiya mu 2015. Chaka chotsatira malemu anabwera kuno ku Doha kudzagwira ntchito yochapa zovala kuhotelo. Lachisanu lililonse ankasonkhanitsa amayi anzawo pabwalo lamchenga, n'kumawaphunzitsa kuponya ndi kuwakha. Anayamba kudwala impso mu Januwale chaka chino. Atisiya pa 2 Juni.

Abale ndi alongo, zambiri za mpirazi ndazimva dzulo, kwa inu. Kwathu sitinafunsepo. Tinkangoti achemwali ali kunja.

Ndinafika ku Al Mansoura, komwe malemu ankakhala, kutada. Abale anandituma kuti katundu yense apite kumudzi. M'chipinda mwawo ndinapeza chikwama chodzaza magolovesi achikopa. Onse a dzanja lamanzere. Ine ku Durban ndinafika, ku Beira ndimagonako, ndiye ndimadziyesa wodziwa zinthu. Ndinakweza mawu. Ndinafunsa amayi ogona nawo kuti akumanja awabisa kuti. Mawu akuti kuba ndinawatchula.

Mmodzi mwa iwo, Mayi Sakina, amene ankasambitsa malemu kuchipatala, anapisa dzanja m'chikwamamo. Anavala golovesi limodzi kumanzere, natenga mpira ndi dzanja linalo, n'kuponya kukhoma. Ndi pomwe ndinamvetsa. Dzanja loponya silivala kanthu.

Pepani amayi. Munasamala mlongo wathu ife tili kutali, ine n'kubwera kudzakutchani akuba. Ndalankhula pagulu kuti nonse mumve. Magolovesiwo sakupita kumudzi. Ndi anu. Kwa abale ndikayankha ndekha. Lachisanu likubwerali mukasewere.

Malemu asiya mwana mmodzi, Chawezi, amayi athu ku Ndirande, ndi alongo awiri. Tikuthokoza mpingo wa kuno ku Abu Hamour, anzawo a kuhotelo amene athamanga ndi mapepala onyamulira thupi, komanso timu yawo yonse.

Mawa m'mamawa tikunyamuka ndi thupi. Ndapempha mpira umodzi wokha, wa Chawezi. Mayi Sakina andipatsa womwe unagunda khoma uja.

Achemwali, usani mumtendere.